Ambulansi ya Marlene

Marlene Zammit anatha zaka zambiri akupanga mano oikirira mu tauni ya Mackay, moti akamayenda mumsika, anthu ena akamumwetulira ankazindikira ntchito ya manja ake m'kamwa mwawo. Ankangobweza moni n'kumapita, koma mumtima ankati, amenewo ndi anga aja, ndipo sakuwatsuka bwino. Anali mayi wamfupi, wa mawu a besi, wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo osamudziwa ankamuyesa wamwano. Mwano sunali mwano kwenikweni. Munthu amene wakalambira pa kuyang'ana tinthu ting'onoting'ono pansi pa galasi amaona cholakwika asanaone chabwino, ndipo Marlene akaona cholakwika pakamwa pake sipankachedwa.

Bambo ake ankalima nzimbe ku Habana, kunja pang'ono kwa tauniyo, monga ankachitira agogo ake chitsikireni sitima kuchokera ku Malta. Iye nzimbe sanazifune. Anakwatiwapo, banja linatha popanda phokoso, mwana wake mmodzi yekhayo anakula n'kupita ku Perth, ndipo anatsala yekha m'nyumba ya matabwa yoima pa mizati italiitali. Malo a pansi pa nyumba, pamene anzake amaimikapo boti kapena kuyanikapo zovala, iye anaikapo tebulo, nyale, ndi tizitsulo take takale ta ku ntchito.

Amene anamulowetsa m'masewera a tizidole anali Errol Pascoe, woyendetsa sitima zapamtunda zonyamula nzimbe. Anabwera tsiku lina kudzakonzetsa mano ake am'mwamba, amene anathyoka atawakhalira m'galimoto, ndipo podikira anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachidole kachitsulo, kotalika ngati chala chachikulu cha kudzanja, koduka mkono.

"Mayi, guluu wanu wa manoyu sangagwire apa?"

Marlene anakaika pansi pa galasi. Kanali kachiphona kobiriwira, kovala chipewa chachitsulo, katakumbatira mpira.

"Anapenta ndani?"

"Ndine."

"Munapenta ndi tsache?"

Errol anaseka mpaka nkhama zonse pamtunda. Mkono unalumikizidwa, koma Marlene anakana kubweza kachidoleko kali choncho. Anapita nako kunyumba, anakapentanso, ndipo Loweruka lotsatira anakapereka yekha ku chipinda cha kumbuyo kwa kalabu ya achikulire ogubuduza mipira pa kapinga, kumene Errol ndi anzake ankakumana masana. Anangoti akatule n'kubwerera. Anatuluka dzuwa litapendeka, ali ndi timu yakeyake yobwereka m'chikwama.

Masewera ake ndi a anthu awiri. Pakati pawo amayala bwalo la katoni lojambulidwa timabokosi, aliyense n'kundandalika timu yake, ndipo zonse, kuthamanga, kuponya mpira, kumenyana, zimagamulidwa ndi madayisi. Ena ali ndi timu ya ziphona, ena ya makoswe oyenda ndi miyendo iwiri, ena ya mizukwa, ena ya tianthu tandevu tofupika ngati mitondo. Mpira ulipo ndithu, koma nthawi zambiri umangokhala pansi osewera akutibulana. Poti ligi imatenga miyezi, kachidole kalikonse kali ndi dzina ndi mbiri yake. Kakagoletsa kamawonjezera luso, kakamenyedwa kwambiri kamalumala mpaka kalekale, ndipo madayisi akaipa kamafa, mwini wake, bambo wa imvi zake, n'kukhala ndwii mpaka kunyumba.

Mwambo wa ambulansi unayamba ndi Marlene. Zinkamunyansa kuona kachidole kamene madayisi anena kuti kaphulika diso kakubwera m'bwalo sabata yotsatira ndi maso onse awiri, ngati palibe chachitika. Anati limenelo ndi bodza. Ndiye Loweruka lina anabwera ndi katoni ya mazira yopanda mazira, anajambulapo mtanda wofiira, n'kuiika pakona pa tebulo. Kuyambira pamenepo, wosewera akavulala chipinda chonse chinkakuwa kuti wiyuu, wiyuu, wovulalayo n'kugonekedwa m'katoni muja kupita kwa Marlene. Ankabwerako ali ndi chigamba pa diso, bandeji pa bondo, kapena ngowe pamene panali dzanja. Akufa ankawaviika m'botolo la Detolo mpaka utoto wonse usupuke, n'kuwakwecha ndi mswachi, n'kuwapentanso mwatsopano ndi dzina lina. A ku kalabu anayamba kumuitana kuti Dokotala, ndipo dzinalo linamukakamira.

Ntchitoyi ankaigwira m'mawa kunja kusanatenthe, wailesi ikudziyankhulira yokha. Ankakanda dongo la m'sitolo, lachikasu ndi la buluu, mpaka lisanduke lobiriwira, n'kutapa kochepa ngati njere ya mpunga, n'kumakankhakankha ndi kachitsulo kamene kale ankasalazira nako nkhama za phula. Nyengo ya mvula ankadikira masiku ambiri osapopera vanishi, chifukwa ukapopera kunja kuli chinyontho timu yonse imatuwa ngati yagwera mu ufa. Koma chovuta pa zonse ndi maso. Kadontho koyera, kenako kakuda pamwamba pake, ndi burashi ya tiubweya towerengeka, mpweya utaugwira. Ukaphonya pang'ono, chiphona choopsa chimaoneka ngati chachokera ku mowa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Errol kudekha analibe. Ziphona zake zonse zinkayang'ana kumbali mpaka Marlene anazilanda n'kuzikonza chimodzichimodzi.

Kenako mwambo unagwera eni ake. Timu iliyonse imakhala ndi kachidole ka kochi koima kunja kwa bwalo, ndipo Marlene anayamba kupanga makochi ofanana ndi anthu a m'chipindamo, kudula mutu uku, thupi uko, n'kulumikiza ndi waya. Wa Errol anamupatsa mimba ya chiphona, kabudula ndi patapata, poti panalibe munthu ku Mackay amene anamuonapo Errol atavala buluku, ngakhale pa ukwati wa mwana wake. Ndipo chochitika kwa munthu chinkachitikanso kwa kochi wake. Errol atameta ndevu za pamlomo, Marlene anazipala ndi kampeni. Dazi litayamba, anapala pamutu. Darcy Moffat, wa zamagetsi ku migodi, atagwa pa njinga yamoto, kochi wake anakoleka mkono m'khosi mpaka tsiku limene pulasitala anachotsedwa. Khirisimasi iliyonse ikadutsa, Marlene ankawonjezera kadongo pa mimba ya Errol.

"Dokotala, mimba iyi wakokomeza."

"Ndachepetsa. Dongo linandithera."

Umenewo ndiye unali ubwenzi wawo, wongonyozana kuyambira pa moni mpaka potsanzikana. Errol anali ndi mkazi wake Glenys, ndipo panalibe za mtundu winawo. Koma Marlene analibe mnzake wina woposa Errol pa dziko lino, ngakhale sakanavomera zimenezo pagulu olo mutamuopseza ndi mpeni.

Matenda a shuga Errol anali nawo kalekale, ndipo ankawasamala mmene ankapentera maso muja. Chilonda chinayambira pa chala cha kuphazi, iye n'kumati ndi jombo za ku ntchito. Glenys analankhula mpaka kutopa. Mmene nzimbe zinkayamba kudulidwa chaka chimenecho, sitima yake inkayendetsedwa ndi munthu wina, ndipo madokotala anali atamudula mwendo m'munsi mwa bondo.

A ku kalabu anapita kukamuona onse pamodzi, atapangana m'galimoto kuti pasakhale wochita zachibwana. Anaima mozungulira bedi ngati ali pa pemphero. Anakamba za mvula, za msewu umene ukukonzedwa, za nsomba zimene sizikudya nyambo. Marlene, amene sanaopepo m'kamwa mwa munthu aliyense, anaima kumiyendo kwa bedi, anaponya diso kamodzi kokha pa bulangete, anaona kuti kumanja kwaphwa, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kutuluka anangoyang'ana pa chipumi cha Errol. Anamufunsa ngati chakudya chili bwino. Errol anayankha mwaulemu kuti chili bwino, zikomo.

Patapita miyezi, atamupatsa mwendo wachitsulo, anabwera ku kalabu. Anavala buluku. Atangoonekera pakhomo ndi ndodo yake, amuna atatu anathamangira mpando umodzi, wina n'kumubweretsera tiyi wopanda shuga asanapemphe. Maso a anthu onse anali kumwamba, ena pa nkhope yake, ena pa fani.

Anasewera ndi Darcy. Tsono m'masewerawa, mdani akagwa pansi umamuponda woimbira asanaone. Ndi mmene aliyense amachitira, ndipo Darcy ndiye anali kadaulo wake. Chiphona chachikulu cha Errol, chotchedwa Barry, chinagwa chagada pakati pa makoswe a Darcy, ndipo aliyense ankadziwa chotsatira. Darcy anayang'ana Barry, anayang'ana Errol, n'kusunthira makoswe ake kwina.

"Wamusiyiranji Barry?" anafunsa Errol.

"Aa, basi, achimwene. Ndikufuna mpira."

"Iwe? Mpira? Kuyambira liti?"

Darcy anangomwetulira ngati munthu wogwidwa ndi chinthu cha eni.

Chakumapeto kwa masewera, chiphona china chaching'ono cha Errol chinapunthwa chokha pothamanga. Errol anaponya madayisi kuti aone kuti chavulala bwanji, ndipo madayisi, poti alibe manyazi, anati chathyoka mwendo. Palibe anakuwa wiyuu. Ambulansi inali pafupi ndi chigongono cha Marlene, ndipo iye, osaganiza n'komwe, anaikoka pang'onopang'ono n'kuiphimba ndi nyuzipepala. Atadzutsa mutu anapeza Errol akumuyang'ana.

Errol anamaliza masewera, anawina, analongedza tizidole take tonse, chovulala chija pamodzi, m'bokosi lake la mbedza. Anati zikomo nonse, mwandilandira bwino. Loweruka lotsatira sanabwere, linalo sanabwerenso, ndipo anthu anauzana kuti n'kutopa, tiyeni timupatse nthawi.

Marlene anapitiriza kupita ku kalabu, koma zinkangokhala ngati ndiwo zopanda mchere. Ankanyoza anthu, iwo n'kuseka, koma panalibe womubwezera. Anaimba foni kangapo. Errol ankayankha kuti ali bwino, zikomo poimba, apereka moni kwa Glenys. Marlene akaika foni pansi mtima unkamuwawa.

Mvula itayandikira, Glenys anatulukira m'mawa wina pansi pa nyumba ya Marlene, atanyamula bokosi la mbedza lija ndi manja awiri.

"Akuti ndikupatseni. Akuti mupatse amene angafune."

"Timu yonse?"

"Yonse, ndi madayisi omwe."

Marlene anachotsa magalasi. "Akutani kunyumbako?"

"Atani? Amangokhala pakhonde kuonerera magalimoto. Ululu si wambiri, kuyenda akuyenda. Koma kusayankhula, achemwali! Munthu uja ndinkachita kumupempha kuti atseke pakamwa ndimveko nkhani pa wailesi. Lero ndimamuputa dala, iye n'kungoti, 'Chabwino, mayi.' Chabwino mayi! Errol ameneyo?" Glenys anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinamufunsa kuti bwanji ku kalabu, anakulakwirani? Akuti ayi. Akuti, 'Anthu aja ndi abwino kwambiri, Glenys.' Basi."

Glenys atapita, Marlene anatsegula bokosi. Ziphona zinali zitagona m'timipata tawo, chilichonse ndi zipsera zimene iye mwini anachiika: uyu wopanda khutu, uyu wa ngowe, Barry ndi mano ake atatu a golide. Pakona panali kochi, mimba patsogolo, dazi likunyezimira, miyendo iwiri yonenepa itatuluka mu kabudula. Anamuimika pa tebulo pansi pa nyale.

Kochiyo anakhala pamenepo masiku angapo. Marlene ankagwira ntchito zina, koma diso linkangobwerera kwa iye. M'kalabu monse munalibe kochi wina amene anatsala m'mbuyo mwa mwini wake. Ndevu anapala, tsitsi anapala, mkono wa Darcy anaukoleka tsiku lomwelo. Koma chinthu chachikulu chitachitika, Dokotala anabisa ambulansi pansi pa nyuzipepala, n'kumusiya Errol yekha kunja kwa mwambo, ngati mlendo amene amamuyalira mbale zosungidwa mu kabati. Manyazi anamugwira, ndipo anadziwa choti achite. Chimene sanadziwe n'choti Errol adzachilandira bwanji. Kupala dazi la mnzako ndi nthabwala. Kumudula mwendo, iye akanali kulira mwendo weniweni, mwina ndi nkhanza, ndipo munthu akhoza kukutsekera chitseko mpaka imfa. Komanso akapereka bokosilo kwa wina monga anauzidwira, ndiye kuti basi, Errol wapita, adzangotsala wa moni wa pa foni.

Lachinayi m'mawa anamanga kochi mu kachopanira, anatenga kasowo kake ka mano osalala. Kumanja, anakumbukira. Anaika kasowo m'munsi mwa bondo lakumanja la kachidole, n'kukachotsanso. Anadikira, anamwa madzi, anabwerera. Chitsulo cha tizidole n'chofewa, sichinachedwe. Kaphazi ndi patapata yake kanagwera pa tebulo, ndipo Marlene anakakankhira m'kabotolo osakayang'ana kawiri.

Madzi akatayika saoleka, ndiye kuyambira pamenepo mtima unakhala m'malo. Anasalaza podulapo, anaboola kabowo ndi kachitsulo kopyapyala ngati singano, analowetsamo waya. Sanafune kumuika mwendo wamtengo ngati umene ankaika ziphona zovulala, anati ameneyu ndi kochi, ayenera wamakono. Anadula kampope ka mkuwa n'kukaveka pa waya, anaumba kachikho ka dongo kolandira bondo, anaumba phazi latsopano n'kuliveka patapata yake. Kabudula sanamukhudze. Dongo litauma anapenta, siliva pa mpope, kuda pang'ono m'mikwingwirima kuti chitsulo chioneke chogwira ntchito. Kenako anatenga chiphona chaching'ono chija chimene sichinakwere ambulansi, anachimanga mwendo ndi timitengo tiwiri totokosera m'mano ndi bandeji wa dongo. Kunja kunali chinyontho, ndiye vanishi anachita kupaka ndi burashi.

Loweruka chakumasana anaika bokosi la mbedza m'galimoto, ambulansi pa mpando wakutsogolo, n'kupita kwa Errol. Anadutsa nyumbayo kamodzi osaima, anakatembenukira ku mapeto a msewu, anadzitukwana, n'kubwerera.

Errol anali pakhonde, atavala buluku kunja kukutentha choncho. Pambali pa masitepe panali njira yatsopano ya matabwa yotsetsereka, utoto wake usanade n'komwe. Anali ataonda, mimba ija itachepa ndithu.

"Marlene. Takulandirani. Khalani apa pali mthunzi."

Dzina lake lenileni m'kamwa mwa Errol linamulasa kuposa chitonzo chilichonse. Anakhala. Glenys anasuzumira, anaona katoni ya mtanda wofiira, anayang'ana Marlene ndi maso ofunsa, n'kunena kuti akukatereka madzi a tiyi.

"Bokosi lija munalandira?" anafunsa Errol.

"Ndinalandira."

"Mwapeza womupatsa?"

"Sindinafune. Munali odwala awiri." Anaika ambulansi pa katebulo n'kuikankhira kwa iye. "Atuluka lero."

Errol anaiyang'ana kanthawi asanaigwire. Kenako anatsegula. Anayamba kutulutsa chiphona cha bandeji, anachitembenuza uku ndi uku, ndipo pakona pa mlomo wake panagwedezeka pang'ono. Anachiimika pa tebulo. Atapisanso anatulutsa kochi.

Marlene anayang'ana ku msewu. Kunadutsa galimoto yokoka boti, kenako mayi woyendetsa galu. M'khitchini ketulo inayamba kulira. Marlene anayamba kukonza mawu opepesera mumtima, n'kumaganiza kuti adzuke bwanji, atsike bwanji masitepe osathamanga.

"Dokotala."

Anacheuka. Errol anali atagwira kachidole pafupi ndi mphuno, diso limodzi atatsinzina.

"Wadula uti?"

"Wakumanja."

"Wakumanja," Errol anabwereza pang'onopang'ono. Anaika kochi pa tebulo, anawerama, anagwira buluku la mwendo wakumanja n'kulikokera m'mwamba. Panatuluka katumba waubweya, wotuwa chifukwa chosaona dzuwa, wamoyo bwinobwino. Anaumenya ndi chikhatho, phaa. Kenako anakoka lakumanzere, ndipo panatuluka chitsulo.

Marlene anamva nkhope yonse ikutentha. Ku chipatala kuja anaima moyang'anizana ndi bedi, ndipo kumanja kumene anaona kutaphwa kunali kumanja kwake iyeyo, osati kwa Errol. Munthu amene moyo wake wonse ankakalipira ophunzira ntchito kuti kumanja ndi kumanja kwa mwini kamwa!

"Madokotala anandisiyira umodzi," anatero Errol, "iwe wabwera kudzamaliza."

"Errol, pepa, ine..."

"Pepa chiyani? Zaka zonsezi ukunditukwana kuti sinditha kupenta, iwe sutha kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere? Anthu a m'tauni muno akutafuna bwanji? Glenys! Tabwera udzaone, Dokotala wapha munthu!"

Kuseka kunamutulukira ngati chitseko chimene chakhala nthawi chosatsegulidwa, mokhosomola, mpaka misozi. Glenys anafika pakhomo ndi thireyi, anaima, anayang'ana mwamuna wake, ndipo anabwerera m'nyumba ndi thireyi yomweyo osatula.

Errol atapuma anapukuta m'maso. Buluku lakumanzere sanalitsitse.

"Sunayang'ane, eti?" Apa mawu ake anali otsika. "Kuchipatala kuja, ku kalabu kuja. Palibe anayang'ana. Nonse pa chipumi, pa chipumi, mpaka ndinakadziyang'ana pa galasi kuti kodi pamera nyanga."

"Ndinkaopa," anatero Marlene.

"Ndikudziwa. Tayang'ana tsono."

Marlene anavala magalasi, anakokera mpando pafupi, n'kuyang'ana. Kachikho kolandira bondo kanali kakuda, osati kotuwa monga anapentera iye. Mpope unali wonenepa kuposa mmene ankaganizira, wa mabawuti anayi pamwamba pa phazi. Pamwamba pa kachikho panatuluka sokosi yokhuthala, ndipo khungu la m'mphepete mwake linali lofiira.

"Apa pakukhula," anatero, akuloza ndi chala.

"Kukatentha. Akuti ndipite akapale pang'ono."

"Upite, usachite zako zija. Umapweteka?"

"Osati kwambiri. Koma chala chija chimene chinayambitsa zonsezi chimayabwabe. Kulibe, koma chimayabwa. Ndimakanda chitsulo ngati wamisala." Anapukusa mutu. "Chimandikwiyitsa kwambiri n'chimenecho, Dokotala. Ndinalibe womuuza. Glenys akamva amalira."

Kenako Marlene anatambasula dzanja kuti atenge kochi.

"Bweretsa. Phazi lija ndinasunga, ndilibwezera, ndidule winawo. Mimbanso yachepa, ndipale."

Errol anafumbata kachidoleko msanga.

"Iyayi, ameneyu umusiye. Iye watsala ndi wakumanzere, ine wakumanja. Tikagula nsapato tizigawana." Anamuika m'thumba la malaya n'kumenyapo pang'ono. "Bokosi langa lili kuti?"

"M'galimoto."

"Usalitsitse. Anyamata aja ayamba kale?"

"Akuyamba posachedwa."

Errol anakuwira m'nyumba kuti tiyi amwa akabwera. Anagwira ndodo ndi dzanja limodzi, linalo pa mkono wa mpando, anasendera kutsogolo, anayesa kudzuka, analephera, anakhalanso. Manja a Marlene anafuna kupita okha, koma anawapinda pa chifuwa. Anaima pambali, maso ali pa mwendo, kuona mmene bondo likulowera m'kachikho, mmene phazi losapindika likufunira pansi. Ulendo wachiwiri Errol anaimirira, thukuta lili kamukamu pa dazi, buluku likanali lopindidwa mpaka m'bondo.

"Eya, yang'anitsitsa, Dokotala," anatero akupuma mwa befu. "Watsala umodzi wokha. Usadzalakwitsenso."